Korali aliyense akhale ndi tsamba lake m'kope

Abale anga muno mu Joni amene mwapatsidwa ntchito yosamalira thanki ya makorali (tinyama ta m'nyanja ya mchere tooneka ngati miyala kapena zomera) pakhomo pa abwana, chonde gulani kope. Korali aliyense mumupatse tsamba lake: dzina, tsiku lomwe analowa m'thanki, pomwe mwamuika, ndi kuwala komwe amafuna.

Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinaika korali wotchedwa Galaxea moyandikana ndi wina wotchedwa Acropora poona kuti zikukongola pamodzi, osadziwa kuti usiku Galaxea amatulutsa timanja titalitali toluma anzake. Kutacha, nthambi imodzi ya Acropora inali itayera mbee, ndipo zinandipweteka mtima. Lero patsamba la Galaxea pali mawu ofiira akuti "msiyireni malo." Patsamba la korali wotchedwa Palythoa lembanipo "magolovesi" ndi zilembo zikuluzikulu, pakuti ameneyu ali ndi poizoni woopsa. Mukamugwira musatikite m'maso.

Masamba akumapeto asungireni za madzi, sabata ndi sabata. Milingo yoyenera ndi iyi: kutentha madigiri 25 mpaka 26, mchere 1.025 pa choyezera mchere, alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi) cha m'ma 8 pa muyezo wa dKH, calcium cha m'ma 420 pa muyezo wa ppm. Mu June ndi July kuno kumazizira zedi, ndiye muzilembanso maola amene magetsi anathima, hita ndi mapampu zili chiimire.