Kuyeza mtovu ndi cadmium m'madzi ndi electrode ya bismuth

Njirayi imatchedwa anodic stripping voltammetry. Magetsi amakokera zitsulo zosungunuka m'madzi pa electrode (kandodo kodutsa magetsi koviikidwa m'madzimo), kenaka amazichotsapo, ndipo chitsulo chilichonse chimachoka pa voteji yakeyake. Mufunika potentiostat (makina olamulira voteji ndi kuyeza magetsi), electrode ya glassy carbon (pomwe zitsulo zimakokeredwa), ina ya Ag/AgCl (yoyerekezera voteji), ndi waya wa platinamu.

Zambiri zimalakwika m'botolo losungiramo madzi oyezedwa, makina asanayatsidwe. Mtovu umamatirira m'mbali mwa botolo, choncho liviikeni usiku wonse mu nitric acid wa 10%. Madzi oyezedwa asefedwe pa sefa ya 0.45 µm, muthiremo asidi mpaka pH itsike kufika pansi pa 2.

Pukutani glassy carbon ndi alumina ya 0.05 µm, muitsuke bwinobwino. Sakanizani 5 mL ya madziwo ndi 5 mL ya acetate buffer ya 0.2 M, muonetsetse kuti pH yafika pa 4.5. Onjezani bismuth wokwana 500 µg/L, amene amakuta glassy carbon pamodzi ndi zitsulo zoyezedwazo. Ikani -1.2 V kwa masekondi 120 mukutakasa, musiye kutakasa masekondi 15, kenaka mukweze voteji ndi square wave mpaka +0.3 V. Pa chithunzi chimene makina amajambula, nsonga ya cadmium imaonekera cha pa -0.8 V, ya mtovu cha pa -0.55 V; kutalika kwa nsonga kumasonyeza kuchuluka kwa chitsulocho. Musanayezenso, siyani electrode pa +0.3 V kwa masekondi 30 mukutakasa kuti zotsalira zichoke.

Mkuwa ndiye amasokoneza kwambiri. Amalimbirana malo ndi bismuth pa electrode, ndipo nsonga ya cadmium imafupika ngati kuti m'madzimo mulibe kanthu. Kuthiramo mankhwala a ferrocyanide pang'ono kumamanga mkuwawo. Sopo ndi zinthu zoola za m'madzi a m'dambo nazo zimaphimba electrode. Kuikuta ndi Nafion (mtundu wa pulasitiki wopyapyala) kumathandiza, koma madzi akuda kwambiri ayambe awalitsidwa ndi kuwala kwa UV kuti zoolazo ziphwanyike.

Musadalire mzere woyerekezera wopangidwa ndi madzi oyera a mu labu. Yezani madzi anuwo, muthiremo mtovu wa mlingo wodziwika katatu, mukuyeza nthawi iliyonse, kenaka muwerengere mobwerera m'mbuyo kuti mupeze mlingo umene unalimo poyamba. Kumbukirani kuchulukitsa kawiri chifukwa cha buffer ija. Malire a WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) m'madzi akumwa ndi 10 µg/L pa mtovu ndi 3 µg/L pa cadmium. Nsonga ikakhala yaing'ono kwambiri, wonjezerani nthawi yokokera ifike masekondi 300.