Kasamalidwe ka madzi a mvula pa poloti yanu mu mzinda wa Blantyre

Musanakumbe maziko a nyumba kapena a mpanda, pitani ndi mapulani anu ku Khonsolo ya mzinda wa Blantyre, ku Civic Centre ku Chichiri, chifukwa lamulo la Physical Planning Act la 2016 sililola kumanga popanda chilolezo. Pa mapulaniwo onetsani bwino komwe madzi apadenga ndi apabwalo azidzadzera, pakuti womanga mozembera malamulo khonsolo ikhoza kumuimitsa ntchito, ngakhalenso kumulamula kuti agwetse chimene wamangacho.

Mzinda uno ndi wamapiri, ndipo amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Malichi 2023, sangapepusenso madzi otsetsereka. Choncho pomanga mpanda wa njerwa siyani mabowo m'munsi mwake, apo ayi madzi adzadikha kuseri kwake mpaka kuugwetsa. Pageti ikani kalavati wokula mokwanira. Ambiri amangokwirira ngalande ndi dothi kuti galimoto ilowe, kenaka mvula yoyamba ya Novembala imakumba msewu wonse, iwo n'kumaloza chala khonsolo.

Madzi apadenga alowe m'thanki kapena m'dzenje lodzaza miyala lokumbidwa patali ndi maziko, ndipo bwalo musalizire simenti lonse, koma siyani kapinga woti madzi azilowerapo pansi. Musawalozetse ku poloti ya mnansi wanu, kapena m'mapaipi a suweji, omwe amasefukira akadzadza. Zinyalala zotayidwa m'ngalande zimakatseka milatho ya mitsinje ya Mudi ndi Nasolo, n'chifukwa chake ngalande ya kutsogolo kwa geti lanu muziikonza mu Okutobala, mvula isanagwe.