Katchalitchi ka amonke kakasowa, yambani ndi mabuku a ndalama

Wina akandifunsa mmene angapezere katchalitchi ka amonke kamene kanagwa zaka pafupifupi 500 zapitazo ku England, ndimamuuza kuti ayambe wakhala pansi. Kumunda adzapita pomaliza. Miyala yake anthu anatuta kalekale n'kukamangira nyumba ndi makola, koma ndalama zimene zinkalowa pamalopo zinalembedwa, ndipo mabukuwo alipobe.

Loyamba kulitsegula ndi Valor Ecclesiasticus, buku la kaundula wa chuma cha matchalitchi. Mu 1535 Mfumu Henry VIII inatuma anthu kukawerengera chuma cha matchalitchi ndi nyumba za amonke, ndipo kuyambira 1536 inayamba kutseka nyumbazo n'kulanda katundu. Dyera la mfumuyo ndilo latisiyira umboni. M'bukumo funani mawu a Chilatini akuti oblationes, kutanthauza zopereka. Mukapeza kamalo kakang'ono kakulandira zopereka zoti anthu a mudzi umodzi sakanazikwanitsa, dziwani kuti kunkafika a paulendo wachipembedzo. Ku Walsingham, m'chigawo cha Norfolk, zopereka zinkaposa mapaundi 250 pachaka, ndalama zoopsa pa nthawiyo.

Kenako pitani ku mawilo, makalata amene anthu ankalemba onena za kagawidwe ka chuma chawo akamwalira. Apa ndi pamene ine ndimataya masiku osadandaula. Munthu ali gone, imfa ili pakhomo, ankalemba kuti patuluke ndalama yakuti, wina akamuyendere ulendo umene iye analumbira koma sanaukwanitse, ndipo ankatchula malowo ndi dzina la woyera wake. Nthawi zina kamzere kamodzi kotere ndiye umboni wokhawo woti katchalitchiko kanaliko. Onaninso mabuku a maepiskopi ndi makalata a papa, chifukwa denga likayamba kudontha amonke ankapempha kalata yolonjeza chikhululukiro kwa aliyense wobwera kudzapemphera ndi kupereka.

Dzina mwalipeza, tsopano malo. Mapu a chakhumi, oonetsa minda imene inkalipira chakhumi, amene anajambulidwa lamulo la 1836 lokhudza chakhumicho litadutsa, ali ndi kaundula wotchula mayina a minda. Akupezeka ku National Archives ku Kew ndi m'nyumba zosungira zolemba zakale za m'zigawo. Munda wotchedwa Chapel Field kapena Chapel Close ukuitanani, koma musathamange. Ine ndinatha sabata yathunthu ndikulondola munda wina wa dzina lotere, mtima uli m'mwamba, mpaka ndinapeza kuti dzinalo linachokera ku kanyumba kopemphereramo ka a Methodist ka m'zaka za m'ma 1800. Kuchokera tsiku limenelo sindikhulupirira dzina la munda ndisanalione m'chikalata chakale kuposa mapuwo. Chimodzimodzi mapu akale a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu: akalemba kuti pano panali tchalitchi, nthawi zina anangomva kwa anthu a m'deralo.

Musanakwere basi, funsani a Historic Environment Record a chigawocho, osunga kaundula wa malo akale, ngati wina anafufuzapo kale, ndipo yang'anani zithunzi za LiDAR, zojambulidwa kuchokera m'mwamba ndi kuwala kwa laser koyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Zimaonetsa timizere ta maziko tobisika mu udzu, timene maso sangaone mutaima pomwepo. Nyumba yoyang'ana kum'mawa ndi kumadzulo, pafupi ndi kasupe kapena njira yakale, imeneyo ndiyo yoikira chizindikiro.

Za khasu iwalani. Munda uli ndi mwini wake, ndipo pamalo otetezedwa ndi lamulo la 1979 loteteza malo akale ngakhale kuyendetsa makina ofufuzira zitsulo popanda chilolezo ndi mlandu. Mukatola kabaji ka mtovu kamene apaulendo ankagula n'kusokerera pachipewa, kalembetseni ku Portable Antiquities Scheme, kumene amalemba zinthu zakale zimene anthu atola.

Mukafika, musamangoyang'ana pansi. Yang'anani nkhokwe ndi makola a pafamupo, muone ngati pali zenera losongoka pamwamba lotsekedwa ndi njerwa. Mwachitsanzo, Slipper Chapel, tchalitchi chaching'ono cha pafupi ndi Walsingham, kumene anthu ankavula nsapato kuti mtunda wotsala wopita ku Walsingham auyende chosavala, inamangidwa cha m'ma 1340. Nyumba ya amonke ya ku Walsingham itagwetsedwa mu 1538, Slipper Chapel sinagwe: inasanduka nyumba ya osauka, kenako khola la ng'ombe, mpaka mayi wina, Charlotte Boyd, anaigula m'zaka za m'ma 1890.