Momwe mungamvetsere mabonasi a masewera a slot a Aztec musanaikepo ndalama

Pa masewera a slot (makina a njuga ozungulitsa mizati ya zizindikiro, amene amalipira zofanana zikagwera pa mzere umodzi) amene adzaza pa intaneti pali gulu limodzi losaphonyeka: akachisi amiyala okhala ndi masitepe, zigoba zagolide, njoka ya nthenga, ng'oma zikulira chapansipansi. Masewera amenewa anabwereka nkhope ya mtundu wa Aztec, umene unkalamulira chigawo chapakati cha Mexico mpaka likulu lawo, Tenochtitlan, litagwa m'manja mwa Hernán Cortés, mtsogoleri wa asilikali a ku Spain, mu 1521. Kampani ya Pragmatic Play ili ndi Aztec Gems ndi Aztec Bonanza, ya BGaming ili ndi Aztec Magic, ndipo alipo enanso ambirimbiri.

Koma chimene chimagwira anthu si zithunzizo ayi. Ndi mabonasi. Ndipo apa ndi pamene ambiri amasochera, chifukwa amatenga bonasi ngati mphatso yochokera kwa kampani. Si mphatso. Ndi gawo la ndalama zimene osewera anabetcha kale, zimene makina amabweza mwa apo ndi apo kampani itatapapo kale zake. Mukagwira mfundo imeneyi, zotsatirazi zikhala zosavuta.

Choyamba, onani malo amene mukufuna kusewerera

Iyi ndi njuga, choncho ndi ya akuluakulu okha, ndipo malamulo a dziko limene muli ndiwo anene ngati ndi yololedwa. Tsikirani pansi penipeni pa tsamba la kasinoyo mupeze dzina la bungwe limene linapereka laisensi, monga Malta Gaming Authority kapena UK Gambling Commission, kenako katsimikizeni nambalayo pa tsamba la bungwelo. Ngati palibe laisensi, tsekani tsambalo.

Chachiwiri, sewerani zaulere ndipo werengani malamulo

Masewera ambiri ali ndi demo, pomwe mumasewera ndi ndalama zongoyerekeza. Yambirani pamenepo. Musanadine batani lozungulitsa, funani kabatani kolembedwa chilembo cha "i" kapena chizindikiro cha funso, kamene kamabisala pakona. M'menemo muli zonse: chizindikiro chilichonse chimalipira zingati, bonasi imayamba bwanji, ndipo malire a zimene mungawine ndi ati. Anthu ambiri salowamo n'komwe, pomwe ndi tsamba lokhalo m'masewera onse limene silikukunyengererani.

Funanimo zilembo zitatu izi: RTP. Nambala imeneyi imanena gawo la ndalama zobetchedwa limene masewerawo amabweza kwa osewera onse pamodzi, akazunguliridwa maulendo mamiliyoni. Ikakhala 96 peresenti, ndiye kuti pa madola 100 alionse obetchedwa, 96 amabwerera kwa osewera, 4 amatsala ku kampani. Sizitanthauza kuti inuyo mukaika 100 usiku uno mutuluka ndi 96. Mutha kutuluka ndi 300, mutha kutuluka chimanjamanja. Chotsimikizika ndi chakuti mukamasewera nthawi yaitali, m'pamenenso 4 uja amakulumani mosaphonya. Tiyerekeze kuti mukubetcha dola imodzi ndipo mwazungulitsa ka 600 pa ola. Mwabetcha madola 600, ndipo masamu akuti pa avareji ola limenelo lakudyerani 24.

Dziwaninso kuti makampani ena amatulutsa masewera amodzimodziwo ndi ma RTP osiyana, kasino n'kusankha yomwe ikufuna. Choncho khulupirirani nambala yolembedwa mkati mwa masewera amene mwatsegulawo, osati imene munaiona pa chikwangwani chotsatsa.

Liwu lina ndi volatility. Ikakhala yokwera, mumatha nthawi yaitali osawina kanthu kenako n'kubwera chachikulu kamodzi, ngati chabwera. Ikakhala yotsika, mumawina pafupipafupi koma tochepa. Munthu wa ndalama zochepa akalowa m'masewera a volatility yokwera, kawirikawiri thumba limauma bonasi asanaione.

Chachitatu, dziwani zizindikiro ziwiri zofunika

Wild ndi chizindikiro cholowa m'malo mwa zinzake kuti mzere ukwanire. Mukakhala ndi miyala iwiri yofiira, pakati pake pagwe wild, makina amawerenga kuti yofiira ndi itatu. M'masewera a Aztec nthawi zambiri chimakhala chigoba, mfumu yovala nthenga kapena kambuku wa jaguar. Scatter ndi china: sichisamala za mzere, chimawerengedwa paliponse pamene chagwera, ndipo m'masewera ambiri zikagwa zitatu zimatsegula bonasi. Kawirikawiri wild salowa m'malo mwa scatter.

Scatter amakonda kumujambula ngati kachisi kapena mwala wozungulira wa dzuwa. Mwala umenewu ulipodi. Unafukulidwa mu 1790 pabwalo lalikulu la mzinda wa Mexico City, ndipo lero uli ku nyumba yosungiramo zakale ya National Museum of Anthropology mumzinda womwewo. Koma musaphunzire mbiri ya anthu amenewa kuchokera ku slot. Opanga masewera amasakaniza za Aztec ndi za mtundu wa Maya ngati ndi amodzi, ndipo amathira golide paliponse, pomwe eni ake ankalemekeza kwambiri mwala wobiriwira wa jade ndi nthenga za mbalame ya quetzal. Amene anapenga ndi golide anali adani awo ochokera ku Spain. Njuga yokha a Aztec ankaidziwa: anali ndi masewera otchedwa patolli, oponya nyemba zoikidwa zizindikiro pa mphasa yojambulidwa mtanda, ndipo ena ankabetcha zovala ndi miyala yamtengo wapatali mpaka kutsala opanda kanthu.

Chachinayi, siyanitsani mitundu ya bonasi

Ma free spins ndiwo otchuka. Mumapatsidwa maulendo angapo ozungulitsa osalipira, ndipo amawerengedwa pa ndalama imene munabetcha pa nthawi imene bonasi inatseguka. Werengani ngati ma scatter akagwanso mkati mwa bonasi amawonjezera maulendo ena.

Multiplier ndi nambala yochulukitsa zimene mwawina. Aztec Gems ndi chitsanzo chabwino chifukwa ndi masewera osavuta: mizati itatu ya zizindikiro, mizere isanu yolipira, ndi mzati wachinayi kudzanja lamanja wokhala ndi manambala okhaokha, kuyambira 1 mpaka 15. Mzere ukakupatsani madola 2, mzati wachinayiwo n'kuima pa 5, mwapeza 10. Ukaima pa 15 koma mizati itatu ija sinagwirizane, mwapeza zero. Mudzaiona 15 ikuima pomwe simunawine kanthu, mtima n'kuwawa. Ma free spins m'masewera amenewa mulibe, ndiye musakhale mukudikira chinthu chimene sichidzabwera.

Tumble ndi pamene zizindikiro zowina zimaphulika n'kuchoka, zina n'kugwera m'malo mwake kuchokera pamwamba, ndipo mutha kuwina kangapo pa kubetcha kumodzi. Mu Aztec Bonanza kuwina motsatizana koteroko kumatsegula makona otsekedwa, njira zowinira n'kuchoka pa 384 kufika pa 7,776. Nambalayo imamveka yaikulu, koma m'masewera a njira zambiri chotere malipiro a chizindikiro chilichonse kawirikawiri amakhala ochepa. RTP siisuntha.

Masewera ena amakulowetsani m'kachisi kuti musankhe mitsuko kapena miyala yobisa mphoto. Sankhani iliyonse, luso silikhudzapo. Ena ali ndi batani la gamble, lokufunsani kuti mubetchenso zimene mwangowina kumene: mukalosera bwino zimawirikiza kawiri, mukaphonya zonse zapita. Ine batani limeneli ndimati lisiyeni.

Chachisanu, samalani ndi kugula bonasi

Pali masewera amene amakulolani kulumpha kudikira n'kugula bonasi nthawi yomweyo, kawirikawiri pa mtengo wa kubetcha kwanu kuchulukitsa ka 100. Ngati mukubetcha dola imodzi, ndiye madola 100 pa kudina kumodzi. Palibe lonjezo lakuti bonasiyo ibweza 100, ndipo nthawi zambiri imabweza zochepera pamenepo. Ku Britain njira imeneyi siiloledwa, ndipo kuyambira mu 2021 analetsanso autoplay (makina kumadzizungulira okha) n'kulamula kuti kuzungulira kulikonse kutenge masekondi osachepera 2.5. Anaona kuti liwiro ndilo limamaliza anthu. Ngakhale kumene muli zili zololedwa, dziikireni malamulo omwewo nokha: osagula bonasi, osasiyira makina kuti azidzizungulira okha, osayatsa turbo yofulumizitsa kuzungulira.

Chachisanu ndi chimodzi, bonasi ya kasino ndi nkhani ina

Apa pamasokonezeka anthu ambiri. Bonasi ya mkati mwa masewera ndi ina, bonasi imene kasino imakupatsani polembetsa ndi inanso. Yachiwiriyi ndi nyambo, ndipo mbedza yake ndi lamulo lotchedwa wagering requirement. Akakupatsani madola 100 ndi lamulo la 35x, muyenera kubetcha madola 3,500 musanaloledwe kutapa. Pa masewera a RTP ya 96 peresenti, kubetcha 3,500 kumadya pafupifupi 140. Mwaona? Pa avareji bonasi ya 100 imatha musanafike kumapeto. Werenganinso masiku amene bonasiyo imathera ntchito, malire a kubetcha kumodzi, ndi malire a zimene mungatape. Kukana bonasi n'kololedwa, ndipo nthawi zambiri n'kwanzeru.

Tsopano kusewera kwenikweniko

Musanaike ndalama, sankhani kuchuluka kwa zimene mukuvomera kuluza zonse, ngati mtengo wa chisangalalo cha tsikulo. Zisakhale za lendi, za chakudya, za fizi, ndipo zisakhale zangongole. Pitani pa akaunti yanu muike malire a dipoziti ndi a nthawi. Kenako gawani ndalamayo kuti ikwane maulendo 100 kapena 200: ngati muli ndi madola 20, betchani masenti 10 kapena 20. Onetsetsani nambala yolembedwa kuti total bet, chifukwa masewera ena amaonetsa mtengo wa mzere umodzi pomwe akudula wa mizere yonse.

Mukamasewera, zinthu ziwiri zidzayesa kukupusitsani. Choyamba ndi ma scatter awiri. Akagwa, nyimbo imakwera, mzati wotsala umachedwa dala, wachitatu n'kudutsa pang'onong'ono. Mtima umati zatsala pang'ono. Sizinatsale pang'ono. Zotsatira zimasankhidwa ndi pulogalamu ya RNG, yosankha manambala mwamaere, pa nthawi imene mwadina, ndipo zozungulirazo ndi chionetsero chabe. Makina sakumbukira kuti mwaluza ka 50 motsatizana, alibe ngongole nanu, ndipo palibe ola la usiku kapena la m'mawa limene amalipira bwino. Aliyense wokugulitsani "njira yowinira" kapena pulogalamu yolosera akungofuna ndalama zanu.

Chachiwiri ndi kuwina kwabodza. Mwabetcha dola imodzi, mwabwezeredwa masenti 40, ng'oma zikulira, makobidi agolide akugwa pa sikirini. Mwaluza masenti 60. Muziyang'ana balansi, osati zowalawala.

Bonasi ikakupatsani zabwino, tapani nthawi yomweyo, ndipo musadine batani lobweza pempho lotapalo. Kasino yovomerezeka idzafuna chiphaso chotsimikiza dzina ndi zaka zanu, choncho tumizani mapepala amenewa poyambirira kuti asadzakuchedwetseni muli ndi ndalama mkati. Malire aja akakwana, tulukani, ngakhale mtima ukunena kuti kamodzi kokha.

Mukaona kuti mwayamba kukweza kubetcha pofuna kubweza zimene mwadyedwa, kubwereka kuti musewere, kapena kubisira a m'banja mwanu zimene mwaluza, pitani pa akaunti mufune self-exclusion. Imatseka akauntiyo kwa miyezi kapena zaka, ndipo kasino ya laisensi siiyenera kukutsegulirani nthawiyo isanakwane. Chotsani pulogalamuyo pa foni tsiku lomwelo, ndipo uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira kuti akugwirireni khadi la kubanki kwa kanthawi.