Momwe mungasankhire kolozetsa msewu wa ndege pa kabwalo kakang'ono ku Mangochi

Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo. Mphepo ikamaiwomba m'nthiti, ndege yaing'ono imatha kupatuka pamsewu n'kulowa m'tchire. Choncho musanaitane katapila, yambirani pa mphepo.

Choyamba, kapempheni ku nthambi yoona zanyengo kaundula wa mphepo wa zaka zosachepera 5. Akuluakulu opha nsomba ku Makawa kapena ku Malembo muwafunsenso, chifukwa mphepo ya panyanja amaidziwa ngati kunsi kwa phazi lawo. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa, ndipo umalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mpoto umabwera nthawi ya dzinja. Mphepo ziwirizi zimatsata utali wa nyanja, ndiye mzere wanu woyamba uzitsatanso komweko.

Kenako jambulani pamapu mizere itatu yosiyana pang'ono, muyese uliwonse ndi kaundula uja. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a pandege padziko lonse, limalangiza kuti msewu uzitheka kugwiritsidwa ntchito nthawi zosachepera 95 pa 100 zilizonse, ndipo kwa ndege zosafuna msewu wofika mamita 1,200, mphepo yopingasa isapitirire makilomita 19 pa ola. Mzere wolephera apa ufufuteni, ngakhale malo ake atakongola bwanji. Nambala ya msewu imachokera pa kampasi: woloza madigiri 150 mbali ina ndi 330 mbali inayo umatchedwa 15/33.

Chachitatu ndi chomwe ambiri amachithawa: kuyenda wapansi pamzere uliwonse, makamaka mu Febuluwale. Malo ooneka ouma gwa mu Okutobala amasanduka dambo mvula ikakhazikika. Dothi la makande limang'aluka m'chilimwe, dzinja n'kumakanirira ku nsapato, ndipo kulichotsa kumadya ndalama zambiri. Funsani eni mudzi pomwe madzi anafika mu 2024, nyanja itasefukira mpaka kulowa m'malo ogona alendo.

Mukafika kumathero kwa mzere, imani muyang'ane kutsogolo. Pa kabwalo kakang'ono kwambiri, njira yotsikira ndege imakwera mita imodzi pa mamita 20 alionse, kotero mlambe wotalika mamita 15 uyenera kutalikira mamita oposa 300. Muwerengerenso migwalangwa, mawaya a magetsi, nsanja za foni ndi mapiri monga a Namizimu.

Pa utali wa msewu musaumire. Mpweya wotentha wa kuno umapepuka, ndege n'kumathamanga mtunda wautali isanadzuke.

Mbalame nazo ndi ngozi. Mukasankha mzere wodutsa pamwamba pa doko lomwe amayanikapo usipa, kapena m'mabango a mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe, mudzakumana ndi nkhwazi ndi akakowa tsiku lililonse.

Mizere yotsalayo mupite nayo kwa mafumu ndi kukhonsolo. Wodutsa pamanda, pamzikiti kapena pasukulu ine ndingausiye, ngakhale mphepo itauvomera, pakuti chipukutamisozi sichithetsa mkangano wa manda. Mukatero pemphani kauniuni wa zachilengedwe kudzera ku MEPA, bungwe la boma loteteza zachilengedwe, komanso chilolezo cha akuluakulu oona za maulendo a pandege, musanadule mtengo ndi umodzi womwe.