Momwe mungakonzere malamulo oti mawailesi azibwereka matchanelo a TV ongokhala

Pakati pa 470 ndi 694 MHz pali matchanelo a TV, iliyonse ya 8 MHz, ndipo kumidzi ngati kwathu ku Angónia ndi Tsangano, ku Mozambique, ambiri amangokhala osagwira ntchito. Mafunde amenewa amafika patali ndipo amapyola mitengo kuposa a Wi-Fi. Wailesi yodzifufuzira yokha mpata, ija katswiri wina, Joseph Mitola, anaitcha cognitive radio, ingawagwiritse ntchito kufikitsa intaneti kusukulu zakutali. Komatu wailesiyo ndi mlendo m'munda wa eni, omwe ndi oulutsa TV pa matchanelowo. Polemba malamulo a MAC, onena yemwe alankhule ndi nthawi yake, yambani ndi funso ili: mwini akabwera, tichoka bwanji?

Musanagule chilichonse, kafunseni ku INCM, bungwe loyang'anira za mafunde ku Mozambique, za chilolezo, kenako yezani matchanelo pamalo penipenipo, usana ndi usiku. Mafunde sadziwa malire: ku Calómuè, pamalire, mungamve zochokera ku Malawi, ndipo amenewonso ndi eni.

Mukatero, ikani nthawi yoti mawailesi anu onse azikhala chete pamodzi n'kumvetsera. Imodzi ikapitiriza kulankhula, zinzake zidzayesa kuti mwini wafika n'kuthawa pachabe. Muyezo wa IEEE 802.22, womwe ndi malamulo a mawailesi otere a mu 2011, umafuna kuti wailesi izimva TV ya digito ngakhale itafooka mpaka -116 dBm, mphamvu ya mafunde yochepa zedi. Apa pamafunika kuyeza bwino. Mukamvetsera nthawi yaitali intaneti imachedwa, mukafupikitsa mumasokoneza TV ya anthu. Njira yabwino ndi kumvetsera mwachidule pafupipafupi, ndipo mukakayikira mpamene mumvetsere motalikirapo.

Khutu limodzi musalikhulupirire, makamaka kuno kumapiri. Wailesi yomwe ili kuseri kwa phiri la Dómuè ingalephere kumva nsanja ya TV, pomwe banja lina cha kumtunda likuonera tchanelo yomweyo bwinobwino. Wailesiyo ikayamba kulankhula, chithunzi chawo chimaduka. Choncho wailesi iliyonse izitumiza zomwe yamva ku siteshoni yaikulu yoyang'anira mawailesi anu. Ine ndimati ngakhale imodzi yokha ikanena kuti mwini alipo, onse asamuke.

Kosamukirako kudziwike kale. Siteshoni izilengeza mndandanda wa matchanelo awiri kapena atatu apadera, kuti mwini akatulukira aliyense adziwe kokakumana. Muyezo uja umapereka masekondi 2 okha oti muchoke. Musadalire tchanelo imodzi yopanganirana, chifukwa nayonso eni angaifune.

Tsopano kugawana pakati pa inu nokha. Onani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: wina akakweza munsi, wina akutsitsa, minsi osagundana. Siteshoni ichite chimodzimodzi, kupatsa wailesi iliyonse kanthawi kake. Njira ya Wi-Fi, yoti umvetsere kaye ndipo ukamva zii ulankhule, imavuta pamtunda wautali. Pa makilomita 30 mafunde amatenga mamaikrosekondi 100 kuti afike, ndiye mawailesi awiri angayambe pamodzi aliyense akuyesa kuti kuli zii.

Musanakweze antena pamtengo, yesani zonsezi patebulo, mawailesi atalumikizidwa ndi waya. Lowetsani chizindikiro chonga cha TV mwadzidzidzi, muwerenge nthawi yomwe wailesi yomaliza yasiya kulankhula. Ikapitirira masekondi 2, fupikitsani mpata wa pakati pa nthawi zomvetsera, muyesenso.