Momwe mungalondolere mbiri ya wansembe wa Angilikani wa m'zaka za m'ma 1600

Kawirikawiri palibe buku limodzi limene linalemba moyo wonse wa wansembe wa ku England wa nthawi imeneyo. Chimene chilipo ndi timizere tobalalika: apa mlembi wa bishopu analemba kuti uje wadzozedwa, apo kuti wapatsidwa parishi, kwinaku kuti waikidwa m'manda. Ntchito yanu ndi kutola timizereto n'kutilumikiza. Tiyesere ndi George Herbert, wansembe wa ku Bemerton pafupi ndi Salisbury, poti mapazi ake amaoneka bwino.

Yambirani kusukulu. Ansembe ambiri a nthawiyo anadutsa ku Oxford kapena ku Cambridge, ndipo mayina a ophunzira anasonkhanitsidwa kale: a ku Oxford ali mu Alumni Oxonienses ya Joseph Foster, a ku Cambridge mu Alumni Cantabrigienses ya John Venn ndi mwana wake. Mupezamo koleji, chaka chimene munthu analowa ndi madigiri ake. Herbert mumupeza pa Trinity College ku Cambridge, kumene analowa mu 1609. Koma mabukuwa musawameze osatafuna, chifukwa pena amasakaniza anthu awiri a dzina limodzi.

Mukatero pitani pa intaneti, mutsegule Clergy of the Church of England Database. Ndi yaulere, ndipo ili ndi zolembedwa zochokera m'madayosizi a ku England ndi Wales kuyambira 1540 mpaka 1835. Dzina mulilembe mosiyanasiyana, poti alembi akale sankagwirizana pa kalembedwe. Zambiri zinalinso m'Chilatini: John ndi Johannes, William ndi Gulielmus, James ndi Jacobus.

Apa ndiye pofunika kudekha, muyambe mwadziwa mmene zinthu zinkayendera. Malamulo a mpingo a mu 1604 ankati dikoni akhale wa zaka zosachepera 23, wansembe wa zaka zosachepera 24, ndiye tsiku lodzozedwa limakuuzani kuti munthuyo sanabadwe mochedwa kuposa chaka chakuti. Parishi sankangoipeza. Panali munthu, koleji kapena mfumu imene inali ndi ufulu wosankha wansembe wa pamalopo, bishopu n'kumuvomereza, iye n'kusaina kuti akugwirizana ndi mfundo 39 za chikhulupiriro cha mpingo. Chilichonse mwa izi chinkasiya cholembedwa chake. Dzina la womusankhayo mulisunge, limaulula amene ankamukankha kumbuyo. Ndipo musayembekezere kuti zonse zitsata ndondomeko: Herbert anapatsidwa udindo wa ku Leighton Bromswold mu dayosizi ya Lincoln mu 1626, analandira Bemerton mu Epulo 1630 akadali dikoni, unsembe n'kudzaulandira mu Sepitembala chaka chomwecho.

Nayi nzeru imene ambiri amaiphonya. Mukafuna kudziwa mmene munthu wanu anachokera pa parishi, onani cholembedwa cha amene anamulowa m'malo. Kawirikawiri chimanena chifukwa chake malowo anatsala opanda munthu: per mortem kutanthauza kuti anamwalira, per resignationem kuti anatula pansi udindo.

Amene amavuta ndi ma curate, ansembe othandizira. Iwowa ankalembedwa ntchito ndi kuchotsedwa mosavuta, ndipo mabuku a bishopu pena satchula n'komwe za iwo. Afufuzeni mu liber cleri, mndandanda wa ansembe amene ankaitanidwa bishopu kapena nthumwi yake ikamayendera maparishi. Afufuzeninso m'makaundula a ubatizo, maukwati ndi maliro, amene Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izisunga. Makaundula ambiri lero ali m'nyumba zosungira zolembedwa zakale za m'maboma a ku England. Siginecha ya pansi pa tsamba, ngakhale kusintha kwa kalembedwe ka dzanja, kungakuuzeni chaka chimene munthu watsopano anafika.

Pa madeti chenjerani kwambiri. Mpaka 1752 chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi. Herbert anamwalira pa 1 Malichi 1633 mwa kuwerenga kwathu, koma kwa anthu a nthawi yake chinali chikadali chaka cha 1632. Deti lililonse la pakati pa 1 Januwale ndi 24 Malichi mulilembe pawiri, monga 1632/3, apo ayi mudzaika munthu m'manda chaka chathunthu asanafe.

Munthu wanu akasowa pakati pa 1646 ndi 1660 musadabwe, nyumba ya malamulo inali itathetsa mabishopu ndipo mabuku awo anaima. A. G. Matthews anasonkhanitsa mayina a ansembe amene anachotsedwa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni mu Walker Revised ya 1948, ndi a amene anachotsedwa ufumu utabwezeretsedwa mu 1660, makamaka mu 1662, mu Calamy Revised ya 1934.

Chomaliza ndi wilo. Ya ansembe opezako bwino muyang'ane ku National Archives ku Kew, m'gulu la PROB 11. Ya osaukirapo kawirikawiri inkatsala m'makhothi a mpingo a m'dayosizi. M'menemo ndi mmene mumatuluka dzina la mkazi wake, ana, ngongole, ndi amene anamusiyira mabuku.